Msuzi wa Agogo a ku Korea

Rockville, Maryland
12 Januwale 1996

Okondedwa achimwene a Twaibu,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Ntajako pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo.

Ntchito ndi yomwe ija yosamalira agogo a ku Korea, ndipo ndimagona mommuno. Ndi munthu wabwino, koma Chingerezi sadziwa, ndipo nkhumba ndiye ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku. Butchala ya halaal ili kutali, galimoto ndilibe, mwana wawonso salola kuti ndiwasiye okha. Sabata ino chipale chofewa chatseka misewu yonse.

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikudya mpunga, mazira ndi msuzi wamasamba umene agogowo amandipakulira okha, n'kukhala pompo kundiyang'ana mpaka ndimalize. Mtima wanga unali m'malo. Dzulo ndinavundukula poto wawo asanandiitane, n'kuona fupa limene amayamba kuwiritsa asanathiremo masambawo. Ndafunsa mwana wawo pafoni, wandiuza kuti ndi la nkhumba.

Amayi musawauze. Mukapita kumzikiti Lachisanu, mukawafunse a shehe za zimenezi ngati kuti ndi nkhani ya munthu wina. Mundiyankhe msanga, Ramadhani yayandikira.

Ndilekeze pomwepa, agogo akundiitana. Apakula kale mbale ziwiri.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu