Ankhoswe anga andigulitsa

Lolemba, 9 Juni

Bambo a Miracle asiya udokotala! Ndamvera mu minibasi pochokera m'tauni, kondakitala akuuza anthu kuti Dokotala Leston akuimira uphungu kuno ku 25. Mwamuna wanga ine, kumvera kwa kondakitala? Si chipani chachikulunso ayi, ndi kaja ka anthu aganyu ndi mavenda, kopanda ngakhale galimoto.

Atabwera ndawafunsa. Akuti atopa kuchiza mwana kutsekula m'mimba lero, mawa n'kubwerera kukamwa madzi a pachitsime chomwe chija. Akuti matendawo ndi umphawi, ndipo jakisoni wake kulibe.

Lachiwiri, 10 Juni

Abwana awo aimba. Akuti kalata yosiyira ntchito aisunga mpaka Lachisanu, mwina aganiza bwino. Ndanena poyera: akapanda kukaitenga, ine ndi Miracle tikupita kwathu. Iwo angopitiriza kupukuta nsapato.

Lachitatu, 11 Juni

Ndaitanitsa ankhoswe. Amalume anga a Peterson a ku Biwi sanyengerera munthu. Mawa aona.

Lachinayi, 12 Juni

Abale inu. Sindikudziwa poyambira.

Kumbali yawo kunabwera achimwene awo a Levi, ndipo iwowo ndi amene anandiikira kumbuyo, amvekere banja silidya misonkhano. Ndinati eya, zatheka. Tsono amalume anga, nkhoswe yangayanga, m'malo molankhula anapinda buluku n'kuonetsa dokotala mwendo wotupa. Pabwalo la mlandu wanga! Bamboyo n'kugwada, kudinadina, kufunsa kuti amaima nthawi yaitali bwanji pa ukalipentala wawo. Nkhani inakhotera ku mitengo ya mankhwala, ine ndangokhala ngati mlendo.

Nditakumbutsa chimene ndinawaitanira, amalume anandiyang'ana.

"Ireen, azakhali ako anafera pabenchi ya kuchipatala, akudikira pamzere. Unalipo. Ukachoka pano, ine sindikakulandira."

Ndinalira ndi mkwiyo. Popanda nkhoswe ndikafikira kwa ndani? Amayi sangatsegule n'chitseko chomwe mlongo wawo atakana.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku lonse bambo a Miracle anali ku Mgona, akuchititsa misonkhano kwa anthu osauka. Kuchipatala sanapondeko. Ntchito yapita basi.

Loweruka, 14 Juni

Chikwama ndalongedza, chili kuseri kwa chitseko. Ndinapita pamsika wa Nsungwi kukagula tomato, ndikungomva mawu odziwika pa chimkuzamawu. Amalume! Pamwamba pa ngolo, mwendo womwe uja, akukuwa dzina la mwamuna wanga. Ndinabisala kuseri kwa benchi ya makala.

Lamulungu, 15 Juni

M'mawa ndadzidzimuka ndi nyimbo. Azimayi a ku Mgona, ena ana kumbuyo, akusesa pakhomo panga. Ndinatuluka kuti ndiwathamangitse, chikwama chili m'manja. Mayi wina wowonda anandilanda mwaulemu, akuti amayi athu asanyamule katundu, n'kuchilowetsa m'nyumba. Wina anandimanga chitenje m'chiuno osapempha, nkhope ya bambo a Miracle ili pantchafu.

Mwamuna wanga anaima pakhomo, maso ali pa ine. Akuopa, ndinaona. Inenso ndikuopa.

Ndikulemba pano chitenjecho sindinavule.