Mayina Atatu pa Chitseko

Le Mans, France
14 Okutobala 2019

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi yakupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusowetsani mtendere. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Ndasankha kulemba papepala chifukwa foni mumaidula ndisanamalize n'komwe moni. Pepala simungalitaye musanaliwerenge. Mudzaliwerenga mutakwiya, mudzalipinda, mudzaliika m'thumba la ovolosi, kenaka mudzaliwerenganso kuseri kwa galaja. Ndimakudziwani. Kaphukusi kolemera kamene kabwera ndi kalatayi musakatsegule kaye, mundimve ndithane.

Uthenga wanu uja ndinaulandira. Miyezi isanu ndi itatu muli zii, kenaka mawu awiri okha: "Ukanakhala chete." Ndati ndikuyankheni, popeza kukhala chete kunandikanika tsiku lija, ndipo lero kwandikanikanso.

Amayi anandiuza zimene munanena pa chikondwerero cha Tabaski pamaso pa amalume a Ousseynou, ndipo musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Akuti munati, "Yacine? Anasiya kale za mpikisano ameneyo. Pano amalandirana galimoto ndi anzake ngati madalaivala a pa depoti ya Thiès." Akuti anthu anaseka mpaka tiyi kutayika. Inenso ndinaseka nditamva, chifukwa simunaname. Galimoto ndi imodzi, madalaivala tilipo atatu, mpikisano ndi wa maola asanu ndi limodzi. Wina akatopa amatuluka, wina n'kulowa. Pa chitseko pali mayina atatu ndipo langa lili pakati.

Chimene chimakupwetekani ndikuchidziwa. Kagalimoto kaja munandipangira ndi injini ya njinga yamoto ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, dzina langa munalemba nokha ndi penti yotsala ya kasitomala. Mumafuna mpando umodzi, dzina limodzi, kuti anthu akaona galimoto aziti uyo mwana wa Thiaw. Pondiperekeza ku bwalo la ndege ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi munandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mnzako wa timu imodzi ndiye mdani wako woyamba. Usamuuze kanthu. Galimoto ikakhosomola, iwe uzimwetulira."

Ndinakumverani, Ababa, zaka zitatu zathunthu m'magalimoto a mpando umodzi. Ndinali ndi mnzanga wa ku Finland amene tinkadya tebulo limodzi tsiku ndi tsiku, n'kumanamizana poponda mabuleki pa kona iliyonse, aliyense akudziwa kuti mnzake akunama. Kope langa lolembamo zinsinsi za kayendetsedwe ndinkagona nalo pansi pa pilo. Kawiri ndinamaliza pa nambala yachitatu. Kenaka mpando wanga anapatsa wina wocheperapo zaka, ndipo amene anandiuza anali mlembi wa mu ofesi, pafoni. Chaka chotsatiracho ndinkakuuzani kuti ndikuchita zoyeserera. Linali bodza. Ndinkagwira ntchito pa bwalo la timagalimoto tobwereketsa, kuveka zipewa ana obwera kudzasangalala pa tsiku lawo lobadwa. Amene anandichotsa pamenepo ndi mayi Solène, mwini timu ino ya mipikisano ya maola ambiri. Inu munati ndatsika. Ine ndinati ndakweranso galimoto.

Tsopano za a Lemoine, eni timu ya magalimoto a mpando umodzi aja. Ndikudziwa kuti munavutika kuwapeza. Munthu woti munangomukonzera galimoto kamodzi ali patchuthi ku Saly, inu n'kumulembera makalata mpaka kuvomera kubwera ku mpikisano wathu wa ku Spain kudzandionera. Anandiuza okha m'mawa wa tsiku la mpikisano kuti ndikaonetsa liwiro loposa aliyense adzandiyesa pa galimoto yawo ya mpando umodzi. Sindikubisirani, mtima unadumpha. Ndinakuonani m'maganizo mukuwerengera anthu a pa galaja nkhaniyo mokweza.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndikuuzeni mmene timalandirirana galimoto. Lachinayi lililonse timayeserera zimenezi kangapo konse mpaka thukuta kamukamu. Ukafika pa galaja ya timu, m'mbali mwa bwalo la mpikisano, umadumpha, n'kusolola kapilo kako ka kumsana, mnzako n'kulowa. Wotuluka ndiye amamanga wolowa malamba. Pomanga umamuuza m'khutu mmene galimoto ilili, kaya mabuleki afewa, kaya tayala lina latha. Ukatha umamenya denga kawiri. Pa timu yathu, wonyamula chikwangwani kutsogolo salola galimoto kuchoka asanamve kugunda kwachiwiri. Kumenya kawiriko ndi kunena kuti, ndakupatsa galimoto yabwino, pita.

Anzanga awiriwo, mmodzi ndi Ruben wa ku Belgium, wamsinkhu wanga, wamkamwa motentha koma wodziwa ntchito. Wina ndi a Gauthier, dokotala wa mano wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, amene amathamanga chifukwa chongokonda. Malamulo amafuna kuti timu ikhale ndi munthu mmodzi wotere. Amanditchula kuti mwana wanga, ndipo amandinena kuti ndimakukuta mano ndikamayendetsa. Akazi awo amabwera mpikisano uliwonse koma saonera, amakhala kuseri kwa galaja n'kumaluka juzi, makutu atatseka ndi thonje.

Ndinayamba ndine. Ababa, ndinayendetsa! Mukanaona mukanaimirira pampando. Pofika ola loyamba ndinali patsogolo pa onse, koma zimenezo sizinandikwanire, ndinkafuna a Lemoine aone liwiro limene sadzaliiwala. Pa kona ina ndinadula kwambiri, tayala lakumanja n'kukwera chitunda cha simenti cha m'mphepete. Galimoto inagunda pansi mpaka mano anga kuwombana. Nditawongoka ndinamva chiwongolero chikukokera pang'ono kumanja, pang'ono zedi, koti wina sakanamva. Koma ine ndinakulira pa galaja yanu.

Mayi Solène anandifunsa pa wailesi ya m'chipewa, "Yacine, wagunda chinachake?"

Ndinati, "Ayi."

Patapita kanthawi anafunsanso, "Makina athu akuonetsa zachilendo kutsogolo kumanja. Galimoto ili bwino?"

Ndinati, "Ili bwinobwino."

Ndinamwetulira monga munandiphunzitsira. Ndinkadziuza kuti ndikanena andilowetsa m'galaja, titaya malo oyamba, ndipo a Lemoine aona kuti mtsikana wa ku Thiès wathyola galimoto. Mphindi makumi anayi ndinayenda nalo bodzalo, ndipo liwiro loposa onse la tsikulo ndinalipanga chiwongolero chikukoka chomwecho.

Nthawi yanga itatha ndinalowa. Ndinadumpha, ndinasolola kapilo kanga, a Gauthier n'kudzipanikiza pampando ndi mimba yawo ija. Ndikumanga malamba anakuwa m'chipewa, "Mwana wanga, wandisiyirako mabuleki kapena wadya onse?"

Ndinati, "Zonse zili bwino."

"Ndiye menya denga, nkhalamba ikaonetse ana!"

Ndinatseka chitseko. Ndinamenya denga kamodzi. Dzanja linakwera kuti limenye kachiwiri, n'kuima m'mwamba. Pa bwalo limenelo pali kona imene timadutsa pa liwiro la makilomita oposa mazana awiri, khoma lili pafupi. Ine ndinkadziwa kuti chiwongolero chikukoka, ndiye ndinkachigwira moyembekezera. Iwo sankadziwa kanthu. Amakaniko anali atamaliza matayala, injini ikulira, wa chikwangwani akundiyang'ana, mayi Solène akukuwa, "Menya! Yacine, menya!" Ine ndinazungulira n'kukaima kutsogolo kwa galimoto, manja onse pa boneti.

Ndinakuwa kuti, "Ndanama! Ndinagunda! Kutsogolo kumanja!"

Anaikankhira m'galaja. Atachotsa tayala anapeza chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi gudumu chitang'aluka kupitirira theka. Makaniko wamkulu anachiyang'ana n'kunena kuti mwina chikanapirira kuzungulira bwalo katatu, mwina kamodzi. Kusintha kunatenga nthawi. Tinatsika kuchoka pa nambala wani, ndipo tinamaliza pa nambala khumi ndi chimodzi.

Musaganize kuti anandiombera m'manja. Ruben anaponya magolovesi pansi n'kunena kuti, "Chaka chonse tikufuna kupambana kamodzi kokha, iwe n'kuthyola galimoto chifukwa chofuna kuonetsera alendo ako!" Ankanena zoona. Mayi Solène anandiitanira kuseri kwa lole.

"Unandinamiza kangati?"

"Kawiri. Ndi a Gauthier, katatu."

"Unaphunzira kuti zimenezi?"

"Kumene ndinachokera, ndi mmene timachitira."

"Kuno ayi. Ukadzandinamizanso udzabwerera kwanu wapansi, nyanja udzaoloka wekha. Lachinayi ufike msanga, ukapepese amakaniko mmodzimmodzi."

A Gauthier atamaliza gawo lawo anapempha chitsulocho. Anakhala pa mulu wa matayala n'kumachitembenuzatembenuza. Kenaka anati, "Dzino likanang'aluka chonchi ndikanazula osafunsa mwini wake." Anaseka. Anandipempha kuti akazi awo ndisawauze, ndipo sindinawauze. Madzulo ake mayiwo anandiyeza juzi ija pamsana, akuti akulukira ine chifukwa ndimavala ngati sindidziwa kuti ku France kumazizira. Pamenepo ndiye ndinakalira m'chimbudzi.

A Lemoine anandipeza ndikulongedza chipewa. Anati, "Unali wothamanga kuposa onse. Koma dalaivala amene ndikufuna ine saimitsa galimoto imene ikutsogola." Ndinati, "Ndiye si ine amene mukufuna, bwana." Ndamva kuti anakuuzani kuti ndikawaimbira mwezi uno usanathe n'kuvomera kuti ndinachita mantha, akhoza kuganizanso. Amayi akuti nambala yawo ya foni mwailemba pakhoma pafupi ndi kalendala. Ifufuteni, Ababa. Sindiwaimbira. Dzulo ndinasaina kwa mayi Solène chaka china, ndipo Mulungu akalola tidzayesa kulowa mpikisano wa maola makumi awiri ndi anayi wa mumzinda uno. Cholakwa changa ndikuchidziwa, ndi mphindi makumi anayi zimene ndinakhala chete. Chimenecho ndinapepesa kwa aliyense, ndipo Ruben wayambanso kundilankhula. Koma kuima kutsogolo kwa galimoto ija sindidzapepesa kwa munthu, ngakhale kwa inu.

Tsopano tsegulani kaphukusi kaja.

Mukuwakumbukira a Gora, aja a takisi ya anthu asanu ndi awiri yopita ku Kaolack? Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditakhala pa chitini cha oilo ndikudya mtedza. Anabwera kudzangosinthitsa tayala, anthu atadzaza kale m'galimoto, katundu ali padenga. Inu munagwedeza gudumu kamodzi, munalowa pansi, n'kutuluka nkhope itasintha. Munasolola makiyi n'kuwaika m'thumba. A Gora anakuwa mpaka msewu wonse kusonkhana.

"Thiaw, ndipatse makiyi anga! Galimoto ndi yako kodi?"

"Galimoto ndi yako, koma ikutuluka pa geti langa."

"Ndayenda nayo chonchi mwezi wathunthu!"

"Unkayenda ukudziwa. Amayi awa ndi mwana kumbuyoku akudziwa?"

Anakutukwanani, anatukwana ndi agogo omwe, ndipo sanabwerenso pa galaja yanu. Inu munangokhala pansi n'kupitiriza kumwa tiyi wanu. Tsiku limenelo ndinkaona ngati palibe mwamuna wamkulu kuposa inu mu Thiès monse. Mawu a ku bwalo la ndege aja ndinawasunga zaka zisanu. Koma dzanja langa litakana kumenya denga, si mawu amenewo amene linakumbuka.

Chitsulocho ndi chimenecho. Mayi Solène anandilola kuchitenga. Chipukuteni, mupite nacho pa dzuwa, muvale magalasi aja mumakana kuti simuwafuna. Inu ndinu makaniko, ine ndine dalaivala chabe. Muone mng'aluwo ndi maso anu, ndipo ngati mukanalola galimoto imeneyo kutuluka pa geti lanu munthu wosadziwa ali m'kati, mundilembere mawu awiri aja kachiwiri. Ndidzawalandira, ndipo sindidzakuvutitsaninso ndi makalata.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya, ngakhale mpunga wa nsomba wa kuno ndi wamanyazi. Moni kwa amalume a Ousseynou, muwauze kuti dalaivala wa pa depoti uja akuti mpando wakutsogolo wawasungira. Moni kwa onse a pa galaja. Kagalimoto kanga kaja Amayi akuti mukadakasunga kuseri, ndipo akuti mumakapukuta Lachisanu lililonse mukaganiza kuti palibe akukuonani. Musakafufute dzina. Ndi langa lomwe lija, silinachepe chifukwa chokhala pakati pa ena awiri.

Foni yanga imakhala yotsegula, kupatula ndikakhala m'galimoto. Mukaimba sikofunika kuti munene kanthu. Mungomenya tebulo kawiri, ndidzamva.

Ndine mwana wanu wosamva uja,

Yacine Thiaw