Udzu wa pathandala

7 Okutobala

Dimba landikwana. Kupalira Lolemba, pofika Loweruka dawe ndi chisoso zaimikanso mitu. Repu wanga kufota. Alangizi akuti ndiphimbire mabedi ndi udzu wouma, wochindikala ngati chikhatho, zomera pansi zisaone dzuwa. Koma udzuwo uli kuti? Tchire lonse la kuno ku Magodi adatentha kale. Phulusa lokhalokha.

9 Okutobala

Ndaupeza. Mitolo khumi ndi iwiri pathandala, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Yakuda pamwamba, ndimati ndi yotsala chaka chatha. Ndagwada, ndapempha m'Chitumbuka changa chopunduka cha mwana wa ku Chipata. Amama, apongozi angawo, andiyang'ana. "Muwone mwekha," atero. Muone nokha. Ndathokoza, ndatuta yonse pa wilibala. Mabedi asanu ndi atatu, onse afunda.

24 Okutobala

Ntchito yagwira! Pansi pa udzu chinyezi, dawe zii. Kuthirira kawiri kokha pa sabata. Repu masamba ngati makutu a ng'ombe. Azimayi odutsa amaima, kuyang'ana, n'kupitirira. Nsanje basi.

27 Okutobala

Sinali nsanje.

Mlamu wanga Jemima wabwera kuchokera ku Kapichila kudzathandiza kufolera nyumba ya amama. Wapeza thandala lili mbee. Ndiye kuti unali udzu wa denga. Amama adamweta okha mu Juni, ndi msana wawo wopweteka uja, masabata atatu, moto usanadutse.

Ndati adandilola. Jemima waseka koma osati kuseka kwabwino. "Mlamu, kuno munthu wamkulu samukaniza pamaso mkamwana, mkazi wa mwana wake. Akati muone nokha, ndiye kuti ayi."

Mudzi wonse umadziwa, ine ndekha ndikunyadira repu.

28 Okutobala

Ndathamangira kudimba kuti ndiusonkhanitse. Wowola. Wina chiswe chadya. Ukaugwira ukungofumbutuka m'manja.

A Haswell nawo, mwamuna wanga, akuti ankaganiza kuti ndagula kwina. Munthu amadutsa pathandalapo tsiku ndi tsiku! Maso adawapatsa a chiyani? Ndawakalipira mpaka mawu kusasa, koma wotuta ndine.

3 Novembala

Midzi inayi pa njinga. Aliyense adafolera kale. Mitolo iwiri yokha, ya chisoni, kwa mayi wina wa kumpingo. Siyikwana ndi mbali imodzi yomwe. Mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa.

12 Novembala

Mvula yagwa masana, yamphamvu. Ndapeza amama ali pakona, madzi akuyenda pansi. Ambulera agwirizira thumba la mbewu ya mtedza, iwo akunyowa. Ndawapempha asamukire kwathu. Akana, akuti sangagone nyumba imodzi ndi mwana wawo wamwamuna ndi mkazi wake, si mwambo.

Za udzu sanatchulepo. Angofunsa ngati kudimba sikunakokoloke.

15 Novembala

Jemima wabwera ndi ngolo. Amama akakhala ku Kapichila mpaka udzu wa chaka chamawa. Munda wawo sulimidwa. Nyumba yomwe adalowa ali mtsikana, lero aitseka ndi waya.

Ndinalibe chowapatsa. Ndathyola repu yemweyo, mtolo waukulu, manyazi ali thoo. Alandira ndi manja awiri. "Yewo, mwana wane. Wakula makola." Zikomo, mwana wanga, repuyu wakula bwino.

Akanangonditukwana, mwina ndikanatha kugona usiku uno.