Chithunzi cha Pachifuwa cha Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kaya wamng'ono uja mano anamaliza kumera? Kuno tikudzuka. Amayi ali bwino, kupatula maondo awo aja.

Sukulu ikuyenda. Chaka chino akoleji atitumiza kuchipatala kuti tizikajambula anthu enieni pa makina a X-ray, osati zidole za m'kalasi. Chipinda chake n'chozizira, chopanda zenera, chitseko cholemera choti umakankha ndi phewa. Paja munkandiseka kuti ndasankha ujambuli wa zithunzi zomwe munthu samwetulira. Ndinkaseka nanu, koma lero ndili ndi nkhani.

Sabata yatha ndinatuluka kukaitana wodwala wotsatira, ndinangoona bambo ali pamzere, chipewa chili pabondo. Kunyumba sanauze munthu. Chifuwa chija amati ndi fumbi la matabwa a kuntchito chinawafikitsa kwa dokotala, ndipo dokotalayo anawatumiza kwathu kuno.

Abwana otiyang'anira atamva kuti ndi bambo anga anafuna awajambule okha. Bambo anakana, amvekere abwera kudzaona zimene mwana wawo akuphunzira. Atavula malaya, achimwene, nthiti zinali pamtunda. Ndinawaimika chifuwa chitagunda bolodi, ndinawaweramitsa mapewa, n'kuwauza kuti akoke mpweya augwire. Anamvera osawiringula. Bambo athu omwe aja.

Mapapo abwino pachithunzi amaoneka akuda. Awo, kumanja chakumtunda, anali ndi chinthu choyera, kukula kwake ngati dzira. Ndinacheukira abwana aja, iwo anangondigwira mkono.

Bambo akumanga mabatani anandifunsa chapansipansi, "Waonamo chiyani, mwana wanga?"

Kusukulu amatiphunzitsa kuti ife ntchito yathu ndi kujambula, womasulira ndi dokotala, chifukwa mawu a wophunzira atha kupha munthu ndi mantha pachabe. Ndinawayankha momwemo. Anandiyang'anitsitsa, kenako anati ndaphunziradi bwino, n'kuvala chipewa.

Dokotala wati pakufunika sikani, kujambula kwa makina ena oona m'kati mozama, ndiponso atengeko kanyama akapime. Mwina ndi chifuwa chachikulu, chomwe chimachizika. Mwina ndi china. Ine sindikudziwa. Zimene ndaphunzira pofika pano ndi zongokwanira kundisowetsa mtendere.

Bambo akukana kubwererako. Akuti ali ndi zitseko za eni zoti amalize, komanso sanamvepo munthu atafa ndi chithunzi. Akaweruka akumakatsokomolera kuseri kwa nyumba kuti amayi asamve. Pamphasa yodyera timangoyang'anana, aliyense akudziwa chimene mnzake akudziwa, amayi ali pakati kutifunsa ngati tayambana.

Bambo anandiletsa kuuza amayi. Za inu sanatchule, n'chifukwa chake ndalemba.

Musawaimbire foni. Mukuwadziwa, adzangokufunsani za nyengo ya kumeneko n'kudula. Bwerani, chonde. Inu mukakhala nawo pansi n'kungoti phee, amagonja okha. Ine akundionabe ngati kamwana kamene kankawatolera misomali.

Sikani anaiika Lachinayi la sabata ya mawa. Abwana andilola kudzakhalapo, koma ine malo anga ndi kuseri kwa galasi, pa makina. Pakufunika mwana wina woti adzakhale mbali yawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akupatseninso ulendo wabwino.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba mwathu