Chidebe Changa M'matope

Lachisanu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga ukuwirabe.

Ngalande ya mapaipi atsopano pa Boma pano tinakumba ndife, mpaka manja anga anatuluka matuza. Mayi a Gifiti, akazi a tcheyamani wa komiti ya madzi, sanagwireko khasu.

Dzulo madzulo ndinasiya chidebe changa pa mzere kumpopi, monga timachitira tonse. M'mawa ndinachipeza chili m'matope, pamalo panga pali zidebe za Mayi a Gifiti.

"Iwe Esinati, ana a matenanti amatunga pomalizira," anatero. "Kwanuko unauonapo mpopi?"

Anthu anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. Madzi anatha ndisanatunge. Amayi anga amwera mankhwala awo madzi a kudambo.

Komatu madziwa amabwera m'bandakucha, kanthawi kochepa. Paipi imadutsa kuseri kwa chipinda changa, ndiye ikayamba kukhosomola ndimamva ndine, n'kuyenda kugogoda makomo onse. Amene wagonereza timamudumpha pa mzere.

Mawa kwa Mayi a Gifiti kuli chinkhoswe, alendo adzaza kale nyumba. Ndidzadzutsa aliyense, ngakhale agogo ogontha oyandikana nafe. Koma pakhomo pa Mayi a Gifiti ndidzadutsa mwakachetechete, patapata ali m'manja. Agone ndithu, atopa.