Botolo la Abambo

Lolemba, 6 Novembulu

Lachisanu ndiwonetsa ana a kalasi yanga DNA, kaulusi kokhala m'maselo a chamoyo chilichonse. N'zosavuta: kufinya chipatso, kuthira madzi, mchere ndi sopo wotsukira mbale, kusefa pansalu, kenako kuthira alikolo wozizira, mowa waukali kwambiri uja. Koma alikoloyo pasukulu palibe. A diretori, akulu a sukulu, angoti, "Pulofesora Olívia, desenrasca." Ndiye kuti ndiwone ndekha.

Lachiwiri, 7

Ndagula kachasu pamsika wa Tsangano, nditabisa m'chitenje, ine wa kwaya! Ndayesa kunyumba. Palibe chatuluka. Ndi madzi enieni, ngakhale pamoto sakuyaka.

Wa abambo ankayaka buluu.

Lachitatu, 8

Ndatsitsa botolo la pamwamba pa kabati, lomaliza limene a Damião, bambo anga, anatcheza asanamwalire. Ndi mutu, woyamba kudontha uja, wa mapichesi a mtengo wathu wa ku Ntengo-Wambalame. Titabwerako ku Malawi mu 93, kumene tinathawira nkhondo, tinapeza nyumba ili phulusa, mtengo wokha uli chilili. Abambo anauwombera m'manja ngati mlendo. Ndinakula ndikugwirizira paipi, iwo akuimba zosamveka.

Sindinalitsekulepo. Ndikalitsekula ndiye kuti latha, ndipo lina kulibe. Ndawasowa.

Lachinayi, 9

Achimwene a Hilário abweretsa mapichesi a mtengo womwewo, ochepa, ena olowa mphutsi. Mtengowo wakalamba. Ataona botolo patebulo anati, "Iwe, abambo akanamva kuti mowa wawo ukungokhala osagwira ntchito, akanakukalipira."

Ndalisiya mu jelera ya kwa aneba, a Rosália, kuti lizizire. Mwina sindilitenga.

Lachisanu, 10

Ndinalitenga.

Ana anafinya mapichesi m'mapepala apulasitiki, phokoso ngati pachigayo. Tinasefa. Nditatsekula botolo fungo linadzaza kalasi: utsi, mapichesi, malaya awo aja. Ana anaseka. Ine ndinayang'ana pazenera kaye.

Ndinathira pang'onopang'ono m'mbali mwa makapu. Poyamba sipanaoneke kanthu. Kenako Neusa, amene sayankhula chaka chonse, anakuwa: "Pulofesora, mamina!" Ulusi woyera unali kukwera, m'kapu iliyonse. Anaukola ndi kamtengo osafuna kuusiya.

Kachasu watsala wa zala ziwiri. Ndathiramo ulusi wa Neusa, muja suwonongeka msanga. Botolo labwerera pakabati, mtengo wawo uli m'kati mwake. M'manja mwanga mukununkhirabe, ndipo sindinasambe.