Sudali Ulesi, Amayi

Amayi, kaya muli bwanji uko mudapitako? Ndine Joana, mwana wanu woyamba. Munkakonda kuti munthu aziyamba ndi zabwino, ndiye nazi: chimanga chacha kumunda wa kudambo, mbuzi yamawanga ija yaswa, ndipo mng'ono wanga Rozita ali ndi mwana wamkazi amene tamutcha dzina lanu, Luzia. Zabwino zathera pomwepa. Zotsalazi ndikulemba mtima ukuwira.

Mukukumbukira titangobwerako ku Zambia, mudzi uli thengo lokhalokha, banja lililonse likuumba njerwa za tchalitchi ndi sikola? Inu amene ku kampu munkasenza mtolo wa nkhuni mwana ali kumbuyo, mudayamba kulemedwa ndi thupi lanu lomwe. Khasu linkakupulumukani m'manja. Dzuwa likuswa mtengo, anthu akuthawira pamthunzi, inu muli pakhonde mwafunda gombeza la ku kampu lija, mukunjenjemera. Nkhope idatupa, tsitsi linkathothoka, mawu adasasa, khosi lidakula. Misozi inkangotsika popanda wokumenyani. Munkati, "Mtima wanga wazima, mwanawe, ndipo sindikudziwa wauzimitsa ndani."

Anthu a kuno ku Malowera, makamaka amene sadathawe nkhondo, yankho adali nalo kale. Ati ulesi wa ku kampu. Ati mudazolowera kulandira ufa pamzere, taonani mmene khosi lanenepera. Azimayi a kutchalitchi, omwe aja adaimba mokweza kuposa onse pamaliro anu, ndiwo adakutchani Nagombeza, mpaka ana ankakuitanani choncho. Atate m'malo mokuikirani kumbuyo ankakubisirani gombezalo, ati mukazizidwa mupita ku njerwa. Atatopa adasamukira kwa mkazi wina ku Chiputo. Mudasiya kuyankhula, mudasiya kudya, mpaka tidakuikani m'manda anthu akunong'onezana kuti mudadzifooketsa nokha.

Tsono mverani zimene zachitika. Rozita atabereka, padapita miyezi yowerengeka, adayamba zomwe zija. Mwana akulira pambali pake, iye maso ali kukhoma. Ndiwo zinkapserera pamoto iye ali pomwepo. Tsiku lina masana ndidamupeza watulutsa gombeza lanu m'bokosi, walifunda mpaka kumutu. Adati, "Mana, mkulu wanga, ndikangotsinzina ndimaona ngati mwanayu afa, koma mphamvu zomunyamulira ndilibe. Bola ndikadangopita kuli amayi." Ndidakuonani inu, Amayi.

Mwamuna wake Fernando, mkamwini wanu amene simudamuone, adathamangira kwa atate athu kukapempha nzeru. Tangoganizani, kwa atate! Iwo adabwera panjinga, osalowa n'komwe m'nyumba kukamuona mwana wawo. Adaima pabwalo nauza Fernando kuti, "Ndi za kwa amake izi. Tengani khandalo mukalisiye kwa amayi anu. Akaona kuti palibe womunyengerera, adzuka yekha ameneyu." Khanda loyamwa, la mbumba yathu, kulichotsa pa bere kuti mayi ake aphunzire khasu! Ndidaiwala ulemu wonse mudandiphunzitsa uja. Ndidati, "Atate, ndi nzeru zimenezi mudaika kale mmodzi. Uyu simumuika."

Ndidamukweza pa kamiyao wonyamula chimanga mpaka ku Fingoe, khanda ndaliberekera ine. Kumeneko adamugwira pakhosi n'kutitumiza ku Tete, komwe adamutenga magazi. Dotolo wake, mayi wofatsa, adatifotokozera kuti pakhosi pali chithokomiro, kachiwalo kamene kamakoleza moto wa thupi lonse. Kakafooka, zonse zimayenda pang'onopang'ono. Munthu amazizidwa, amatupa, amaiwala, ndipo mtima umamira m'chisoni ndi mantha osadziwika kochokera. Adati matendawa amatha kuyenda kumtundu, ndipo nthawi zina amadzuka mayi akabereka. Kenako adafunsa, "Kwanu aliponso wina adadwalapo chonchi?" Ndidamuuza za inu, Amayi.

Adamupatsa makomprimido, mapiritsi oti azimwa kamodzi m'mawa uliwonse. Kanthu kochepa ngati njere ya mapira, Amayi! Ndidakaika pachikhatho, ndikukayang'ana, ndipo ndinkafuna kukuwa kuti amve ku Malowera konse. Kameneka ndi kamene kadasowa. Adakunyozani, adakulandani chofunda, adakusalitsani kudya ati mzimu waulesi utuluke, pomwe inu mumadwala ngati mmene munthu amadwalira malungo.

Nanunso ndakukwiyirani, ndisakubisireni. Munkakulunga khosi ndi duku kuti tisaone. Munkati, "Za m'thupi mwako usamauze anthu a panjira." Ndipo chimene chimandiwawa kuposa zonse, mudawakhulupirira. Ndikukumbukira mukugwada pamaso pa azimayi aja, mukuti, "Mundikhululukire, ndine waulesi." Inu, amene mudatiyendetsa m'thengo mpaka ku Zambia tonse amoyo! Mudapita mukudziona ngati wolakwa, ndipo ndi chifukwa chake ndakulemberani, kuti mumve kuchokera kwa ine kuti sudali ulesi.

Rozita akubwerera pang'onopang'ono. Masiku ena amadzukabe mtima uli wolemera, ndipo dotolo adati chisoni chikakakamira tibwererenso, poti si chisoni chonse chimachokera pakhosi. Koma dzana adandikalipira kuti ndachulutsa mchere m'ndiwo, ndipo ndidaseka mpaka misozi, chifukwa munthu wokalipa ndi wamoyo. Khanda silidapite kulikonse. Fernando akuyenda wera, akumanga nkhokwe popanda womutuma. Atate atamva za magazi aja adangoti, "Ife tikadadziwa bwanji?" Kudziwa sakadadziwa, n'zoona. Koma kubisira munthu wonjenjemera chofunda kumafuna sikola yanji?

Tikakolola tikumanga chiliza chanu. Azimayi a kutchalitchi atumiza kale mawu kuti adzabwera kudzaimba. Abwere. Ndidzawasiya akhale pansi bwinobwino, kenako ndidzaimirira ndi gombeza lija m'manja, ndiwauze dzina la matenda anu, ndiwauzenso dzina lanu lenileni, poti zikuoneka kuti adaliiwala. Kuno alipo azimayi ena a makosi otupa amene amangokhala phee m'makonde, ndipo ndikufuna amve.

Ndikukulonjezani kuti mankhwala a Rozita sadzatha ine ndili moyo, ngakhale kukhale kopita ku Tete wapansi. Luzia wamng'ono akadzakula adzamva kuti agogo ake adadwala, sadatope ndi ntchito. Njerwa za chiliza chanu tiumba tokha, ndipo Rozita wati yoyamba aumba ndi manja ake.

Ndine mwana wanu wokukondani, wokwiyabe,
Joana